Za dzenje la miyala la kumudzi kwathu

Bwenzi langa lokondedwa,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi alamu anga ndi ana kumeneko ku Kitwe. Ife kuno ku Chipata tili moyo. M'kalata yanu mwafunsa ngati kuli kwanzeru kumanga nyumba pamalo amene anyakwawa akulozerani pafupi ndi dzenje la miyala, ndipo ndaona kuti ndisakuyankheni mwachidule, popeza munachoka kumudzi dzenjelo likadali laling'ono ndipo simunaone mmene lakulira.

Akuluakulu amatiuza kuti kale pamalopo panali podyetsera ng'ombe, ndipo panalibe munthu wofuna kulimapo chifukwa khasu linkangogunda nsangalabwi. Nsangalabwi zomwezo ndizo zinakopa okonza misewu m'zaka zotsatira ufulu wa 1964, pamene boma linkalimbitsa msewu waukulu wochokera ku Lusaka, nyengo imene mlatho wa pa Luangwa unamangidwa mu 1968. Dothi lofiira losakanikirana ndi timiyala ndilo limayalidwa pansi, kuthiridwa madzi ndi kutsindiridwa ndi makina phula lisanaikidwe, ndipo lathu linali pafupi, losavuta kukumba. Ntchito itatha, anthu aja anachoka osakwirira, mwakuti kwa zaka zambiri dzenjelo linkangokhala dziwe la m'dzinja limene inu ndi ine tinkasambamo mobisira makolo.

Ena kumudzi amanyadira kuti miyala ya panjanji ya Mchinji, imene ntchito yake inayamba mu 1982 nkudzatsegulidwa ndi Pulezidenti Rupiah Banda mu 2010, inachokera kwathu. Zimenezo musazimvere, pakuti njanji imafuna mwala wolimba wophwanyidwa ndi makina, osati nsangalabwi zathu zofumbutuka.

Chimene chinasinthadi dzenjelo ndi kukula kwa tauni. Msewu wochokera pa Luangwa kufika kumalire a Mwami utakonzedwanso, ndiponso Chipata atalengezedwa kukhala mzinda mu 2017, aliyense anayamba kumanga, ndipo ambiri anasiya njerwa zootcha nayamba kuumba mabuloko a simenti, amene amadya mchenga wochuluka. Nsangalabwi zabwino zinali zitatha kale, choncho okumba anatsetserekera kudambo ndi kumtsinje kutsata mchenga. Lero mukafikapo mbandakucha mupeza anyamata akupakira m'magalimoto ndi mafosholo, pamene amayi akhala pansi kuphwanya miyala ndi nyundo, ena ali ndi ana kumbuyo. Mwala ukakhala waukulu amayamba auotcha ndi matayala akale kuti ung'aluke, ndipo utsi wakudawo umafika mpaka m'nyumba zapafupi. Amagulitsa pawilibala, pamtengo umene sugwirizana konse ndi thukuta lawo, komabe sindingawanyoze, chifukwa m'chaka cha chilala ndalama yomweyo ndiyo imagula ufa ndi kulipirira ana zofunika kusukulu.

Kuchokera mu 2011 kuli bungwe la ZEMA loyang'anira zachilengedwe, ndipo makampani aakulu amayenera kupeza chilolezo ndi kukonza malo akamaliza kukumba. Koma dzenje lathu lili panthaka ya mafumu ndipo limakumbidwa ndi anthu ambirimbiri, aliyense pakangodya kake, kotero palibe mmodzi amene mungamugwire kuti akwirire.

Tsono yankho langa ndi lakuti musamange pamenepo. Okumba amafukula kunsi kwa khoma, ndipo mvula ikabwera dothi lapamwamba limagumuka, mwakuti malire a dzenjelo amasendera kumidzi chaka ndi chaka. Madzi osayenda amaswetsa udzudzu, m'chilimwe fumbi la magalimoto silitha, ndipo zitsime za m'madimba apafupi zayamba kuphwa msanga chiyambire kuchotsa mchenga mumtsinje. Pemphani anyakwawa akupatseni malo kumtunda, mbali ya kusukulu, kumene nthaka yake ili yolimba.

Kunena za zomangira, dzenjelo likuthandizani ndithu. Mchenga wokhakhala wa mumtsinje ndiwo woumbira mabuloko ndi kuthirira maziko, pamene wosalala uja ndi wa pulasitala, ndipo muuze amisiri anu asausokoneze. Mugule mu Seputembala kapena Okutobala, chifukwa mtsinje ukadzaza magalimoto salowako ndipo mtengo umakwera. Mukatsimikiza za malo mundidziwitse, ndidzapita ndekha kukaonana ndi anyakwawa.

Mupereke moni kwa onse a m'nyumba mwanu.

Ine bwenzi lanu la ku Chipata.