Dandaulo pa Xorg imene ikudya memory pa makompyuta amene tinagula kwa inu

Kwa Mkulu wa Nthambi Yothandiza Makasitomala,

Wokondedwa Bwana,

Ndalemba kalata ino chifukwa mafoni atatu ndi maimelo asanu sizinaphule kanthu. Ndine amene ndimayang'anira makompyuta anayi amene ofesi yathu inagula kwa inu, pamodzi ndi mgwirizano wa zaka zitatu woti akavuta muzitithandiza. Onse anayi ndi ofanana: RAM ya 16 GB, sikirini imodzi ya 4K, ndi Linux imene munaikiratu inuyo, kuphatikizapo driver wa khadi la zithunzi (pulogalamu yoyendetsa khadilo) amene mumamukonza ndi kumugawa nokha.

Kwa chaka chathunthu sitinadandaulepo. Mavuto anayamba milungu isanu ndi umodzi yapitayo, titalandira update ya driver ameneyu. Chiyambire pamenepo, kompyuta ikatha masiku angapo osazimitsidwa imayamba kulemera. Mausi amayenda modumphadumpha, windo imatseguka ngati ikuyamba yaganiza kaye, ndipo swap (malo a pa disk ogwiritsidwa ntchito RAM ikachepa) imadzaza pamene munthu sanatsegule chachilendo chilichonse. Tsiku lina masana, sikirini ya mnzathu wojambula mapulani inangoti bii. Itayakanso inamufunsa dzina ndi password ngati wangofika kumene, ntchito yake ya m'mawa wonse itapita. Nditayang'ana mu journalctl, moonera zimene Linux yalemba za zochitika zake, ndinapeza mzere wa kernel (phata la Linux) woyamba ndi mawu akuti "Out of memory: Killed process", ndipo dzina lotsatira linali Xorg, pulogalamu imene imaonetsa mawindo onse pa sikirini. Inu mukudziwa tanthauzo lake. Memory ikatheratu, kernel imasankha pulogalamu yoti iphe kuti makina apume, ndipo nthawi zambiri imagwira imene yatenga malo aakulu. Ikaphedwa ndi Xorg, pulogalamu iliyonse yokhala ndi windo imafera limodzi nayo.

Ndifotokoze kaye mmene antchito anu anandiyankhira, pakuti ndi pamene pagona dandaulo langa lalikulu.

Woyamba anandiuza kuti ndisade nkhawa, Linux imatero, imasunga mafayilo mu cache. Zimenezo ndi zoona, ndipo ndimazidziwa. Koma cache imapereka malo pulogalamu ina ikawafuna, n'chifukwa chake lamulo la free lili ndi gawo lakuti available. Pa makina athu gawo limenelo ndi limene likutsika tsiku ndi tsiku mpaka kutsala pang'ono kufika pa ziro. Ndinamuuza zimenezi, iye n'kutseka lipoti langa ngati lathetsedwa. Wachiwiri anati wolakwa ndi browser, titseke ma tabu. Wachitatu, mwaulemu ndithu, anandipatsa njira ziwiri: tigule RAM ina kwa inu, kapena tizizimitsa makompyuta madzulo aliwonse. Mwa atatu onsewa palibe anapempha log ngakhale imodzi. Palibenso anafunsa kuti driver wathu ndi wa nambala yanji. Za kugula RAM zinandiseketsa pang'ono. Ndowa ikamadontha, kugula yaikulu yobooka pomwepo kumangotalikitsa nthawi yoti madzi athe.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndinasiya ntchito zanga n'kuyamba kufufuza ndekha, ndipo zimene ndapeza ndi izi.

Choyamba ndinafuna kutsimikiza kuti sindikunamizidwa ndi manambala. Anthu ambiri akatsegula top, chida choonetsa memory imene pulogalamu iliyonse yatenga, amaona VIRT ya Xorg ili yaikulu n'kuyamba kukuwa, pamene nambala imeneyo imawerengera malo onse amene pulogalamu yalembetsa, ngakhale amene sinawagwiritse ntchito, ngakhalenso a pa khadi la zithunzi. Ine sindinayang'ane imeneyo. Ndinalemba kapulogalamu kakang'ono kowerenga VmRSS, nambala ya RAM imene pulogalamu yatengadi, mu fayilo ya status ya Xorg mkati mwa /proc, n'kumalemba nambalayo ndi nthawi yake mphindi zisanu zilizonse, usana ndi usiku. Kompyuta itangoyatsidwa kumene, Xorg inali pa 180 MB. Tsiku lachitatu inali itadutsa 3 GB. Tsiku lachisanu ndi chiwiri la ntchito inali pafupi ndi 8 GB, theka la RAM yonse.

Chachiwiri ndinafuna kuchitira chilungamo mnyamata wanu amene anatchula browser, chifukwa maganizo akewo sanali opusa. Momwe X11, dongosolo limene Xorg imatsatira, inapangidwira kuyambira 1987, mapulogalamu amapempha seva, yomwe ndi Xorg, kuti iwasungire zithunzi zawo, zija zimatchedwa pixmap. Pulogalamu yosasamala itha kupempha zithunzi zambirimbiri osanena kuti zifufutidwe, ndipo pa top mlandu umagwera Xorg pamene wodya ndi wina. Zili ngati munthu wosungitsa katundu m'nyumba ya mnzake, anthu n'kumanena mwini nyumbayo kuti ndi waumve. Chida choonera zimenezi chilipo, ndi xrestop, chimene chimaonetsa kuti pulogalamu iliyonse yasungitsa zochuluka bwanji mu seva. Ndinachitsegula pa tsiku limene Xorg inali pa 5 GB. Mapulogalamu onse pamodzi, browser yomwe, sanafike ndi 250 MB. Kenako ndinatseka chilichonse, n'kutsala ndi windo imodzi ya xterm yolemberamo malamulo basi. Pulogalamu ikatseka, seva imafufuta zonse zimene inkaisungira, ndiye kukanakhala kuti wolakwa ndi browser, nambala ikanagwa. Inatsika ndi 200 MB yokha, zotsalazo zili nji.

Panali chinthu chinanso chimene chinandikayikitsa kwa masiku awiri. Ndikudziwa kuti pulogalamu ikamasula memory, si nthawi zonse pamene malloc ya glibc, imene imagawira pulogalamu memory, imaibweza kwa kernel pompopompo. Imatha kuisunga kuti idzaigwiritsenso ntchito, makamaka malo akagawikana tizidutswa. Ndiye VmRSS yosatsika payokha si umboni wokwanira. Koma zikakhala choncho, nambala imakwera n'kufika pena n'kuima, chifukwa malo osungidwawo amagwiritsidwanso ntchito. Yathuyi siima. Ndiponso siikwera mosalala.

Apa ndiye pamene nkhani inayamba kumveka. Nditajambula manambala aja pa graph, ndinaona masitepe. Mzere umayenda chogona, kenako n'kudumpha kamodzi, n'kuyendanso chogona. Usiku wonse, kuyambira anthu ataweruka mpaka m'mawa, sudumpha ndi kamodzi komwe. Loweruka ndi Lamlungu chimodzimodzi. Poyamba ndinkaganiza kuti ndi pulogalamu yathu yojambulira, poti ndi imene imagwira ntchito masana. Koma sitepe ina inachitika nthawi ya nkhomaliro itangotha, pamene pulogalamuyo inali yotseka. Ndinakhala pansi n'kuyerekeza nthawi za masitepe ndi zimene zinkachitika mu ofesi, ndipo ndinaona kuti sitepe iliyonse ikugwa pa nthawi imene munthu wabwerera pa desiki n'kugwedeza mausi. Masikirini athu amagona okha pakatha mphindi zisanu osakhudzidwa. Akadzuka, Xorg imanenepa.

Ndinayesa dala. Ndinagoneka sikirini ndi lamulo la xset dpms force off, n'kuidzutsa, n'kuwerenga nambala. Ndinabwereza maulendo 20. Ulendo uliwonse Xorg inkawonjezera pafupifupi 32 MB, ndipo pomaliza inali itakwera ndi 630 MB m'mphindi zosakwana khumi. Bwana, tawerengani nane. Sikirini ya 4K ili ndi timadontho 3840 m'litali ndi 2160 m'lifupi, ndipo kadontho kalikonse kamatenga mabaiti 4. Mukachulukitsa mupeza mabaiti 33,177,600, omwe pa kawerengedwe ka kompyuta ndi 31.6 MB. Ndiye kuti sikirini ikadzuka, china chake chikupempha malo okwana chithunzi chimodzi cha sikirini yonse, ndipo malo akale sichikuwabweza. Nditatsitsa sikirini kufika pa 1920 ndi 1080, sitepe inachepa n'kukhala pafupifupi 8 MB, gawo limodzi mwa magawo anayi, ndendende monga masamu akunenera. Pomaliza ndinayang'ana ndi pmap, chida choonetsa mmene memory ya pulogalamu yagawidwira, n'kupeza zigawo za memory zofanana kukula zitandandalikana, chiwerengero chake chikugwirizana ndi maulendo amene ndinadzutsa sikirini. Munthu wogwira ntchito yodzukadzuka amadzutsa sikirini yake maulendo 30 kapena 40 pa tsiku. Pamenepo ndi pafupifupi 1 GB kapena kupitirirapo pa tsiku, monga momwe log yanga inaonetsera.

Funso lotsala linali lakuti wolakwa ndi Xorg yeniyeniyo kapena driver wanu, poti driver wa zithunzi amalowetsedwa mkati mwa seva ndipo chimene wadya chimalembedwa pa dzina la Xorg. Mwamwayi, mwa makompyuta anayiwa, imodzi sinalandire update chifukwa mwini wake anali ku tchuthi ndipo inali yozimitsa. Xorg yake ndi yofanana ndi ya zinzake, chosiyana ndi driver yekha. Ndinaigoneka ndi kuidzutsa maulendo 50, nambala osasuntha. Pa ina mwa zitatu zodwalazo ndinachotsa driver wanu kwa masiku anayi n'kuika wa modesetting amene amabwera ndi Xorg. Masitepe anatheratu. Nditabwezeretsa wanu, anayambiranso tsiku lomwelo.

Sindinganene kuti ndaona ndi maso mzere wolakwika mu code ya driver wanu, chifukwa simunandipatse mwayi wouona. Ndinayesa kuyendetsa seva pansi pa valgrind, chida chofufuzira memory yosabwezedwa, zimene zinanditengera usiku wonse poti makina amayenda ngati kamba ukatero. Lipoti lake linaonetsa zigawo zazikulu zosabwezedwa zochokera mu laibulale ya driver wanu, koma pamalo pa mayina a ma function pangokhala zizindikiro za mafunso, chifukwa code ya driver wanu ndi yobisika ndipo simugawa ma debug symbols ake, amene amaonetsa mayinawo. Kufika apa, amene angatsegule chitseko chotsatira ndi mainjiniya anu. Ntchito imene ndachitayi inali yawo, ndipo ndi imene tinalipira pamene tinkasaina mgwirizano uja.

Mwina mungafunse kuti bwanji osangokhala pa modesetting poti yachiza. Pulogalamu yathu yojambulira mapulani a 3D imagwira ntchito movutikira popanda driver wanu, ndipo mphamvu ya khadi limeneli ndi chifukwa chake tinasankha makina anu. Komanso mgwirizano wanu umati tikasintha driver thandizo lanu limatha. Kubwerera ku driver wakale ndiye chinali chapafupi, koma munamuchotsa pa seva yanu yogawira mapulogalamu tsiku limene munatulutsa watsopano. Nditamupempha pa imelo, yankho linali lakuti simugawa zakale. Pakadali pano tathimitsa kugona kwa masikirini, ndiye amakhala oyaka usana wonse, ndipo aliyense amayenera kukumbukira kudina batani la sikirini poweruka. Woiwala amapeza mawa lake ili chiyakire. Wina wa kwanuko anatchulapo zosamukira ku Wayland, dongosolo latsopano lolowa m'malo mwa X11, koma sanathe kundiuza ngati driver yemweyu alibe vuto lomweli kumeneko, kapena ngati pulogalamu yathu, imene inalembedwera X11, ingayende bwino kudzera mu Xwayland, imene imayendetsa mapulogalamu a X11 pa Wayland. Sindingasamutse ofesi yonse potsatira mawu ongoyerekeza.

Zimene ndikupempha si zambiri. Mutsegulenso lipoti langa ndipo lipite kwa injiniya amene amagwira driver ameneyu, osati kwa olandira mafoni. Mutitumizire driver wakale sabata ino, ndi kalata yonena kuti kumuika sikuthetsa mgwirizano wathu. Mutiuze molemba ngati mwakwanitsa kuona vutoli pa makina anu, zimene sizingakutengereni ndi kotala la ola: xset maulendo 20 ndi diso pa VmRSS. Ndipo milungu isanu ndi umodzi imene takhala tikulipira thandizo losaoneka muiwonjezere kumapeto kwa mgwirizano wathu. Ndikupemphanso kuti muchenjeze makasitomala ena amene analandira update yomweyi. Amene amazimitsa makompyuta awo tsiku lililonse mwina sanazindikire kanthu, koma alipo ena ngati ife amene amasiya makina akugwira ntchito usiku, ndipo ndikukhulupirira kuti ena mwa iwo agula kale RAM imene sankaifuna.

Pamodzi ndi kalatayi ndatumiza log ya VmRSS ya masiku 9, graph yake, zimene xrestop ndi pmap zinaonetsa, fayilo ya Xorg.0.log ya makina odwala ndi ya makina abwino aja, mzere wa kernel wa tsiku limene Xorg inaphedwa, ndi lipoti la valgrind. Kompyuta imodzi ndaipatula, ili ndi driver wanu watsopano ndipo palibe akuigwiritsa ntchito. Injiniya wanu akafuna kulowamo ali kutali kudzera pa ssh, andiuze tsiku ndi ola, ndimutsegulira.

Ndidikira yankho lolemba pasanathe masiku 14 kuchokera tsiku limene mwalandira kalata ino. Likapanda kubwera, nkhaniyi ndiipereka kwa akuluakulu a ofesi yathu kuti aone gawo la mgwirizano lonena za kubweza makina ndi ndalama.

Ine kasitomala wanu,
Woyang'anira makompyuta a ofesi yathu