Maso ayambe, mfuti itsatire

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Johannesburg konko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tilipo. Ndayankha msanga chifukwa vuto mwalembalo, loti pa mpikisano wa IPSC (masewera owomba zandamale ndi mfuti pothamangitsana ndi nthawi) nthawi ikumakutherani pochoka pa chandamale china kupita pa china, lili ndi mankhwala ake, ndipo mankhwalawo si kufulumiza chala pa trigger, kachitsulo kokoka powomba.

Nkhani yagona pa maso. Mukamawomba kawiri pa chandamale chilichonse, chipolopolo chachiwiri chikangotuluka, maso adumphire pa chandamale chotsatira, osati pa pepala lonse ayi, koma pa kamalo kochepa ngati ndalama yachitsulo pakati pa A, chigawo cha chandamale chopatsa mapointi ochuluka. Mfuti ibwere pambuyo, iwapeze maso ali kale pomwepo. Ambiri amakakamira kuyang'ana front sight (kachitsulo kolozera kakutsogolo kwa mfuti), maso ndi mfuti n'kumayendera limodzi. Zikatero manja sadziwa poimira: mfuti imapyola, n'kubwerera, n'kugwedezekanso, nthawi ikupita. Musadikirenso kuti mfuti ikhazikike pa chandamale chomwe mwathana nacho. Pamene yadumpha m'mwamba, ibwerere pansi ili kale pa ulendo wopita kwina.

Mabowo a papepala sanama, muziwawerenga. Tinene kuti mukuwomba kuchokera kumanzere kupita kumanja. Bowo lachiwiri la chandamale choyamba likathawira kumanja, ndiye kuti munanyamuka chipolopolo chisanatuluke. Bowo loyamba la chandamale chatsopano likakhala m'mphepete mwa kumanzere, munawomba musanafike. Likakhala m'mphepete mwa kumanja, munapyola, ndipo kawirikawiri chochititsa ndi mapewa ouma. Gwirani mfuti zolimba ndi manja, makamaka dzanja lothandiza, koma mapewa akhale omasuka. Munthu wokankha mfuti ndi mphamvu amalephera kuyiimitsa.

Zandamale zikatalikirana kwambiri, tembenukani ndi mawondo ndi chiuno, mikono ikhale momwe inalili kutsogolo kwa chifuwa. Samalani pomwe kamwa la mfuti laloza, poti likapyola madigiri 90 kuchokera kutsogolo, range officer, woyang'anira malo owombera, akutulutsani mu mpikisano pomwepo, ndipo akhala akuchita bwino.

Ku kalabu imikani zandamale zitatu pa mtunda wa mamita 7, pakati pake mpata wa mita imodzi, muwombe kawiri pa chilichonse. Mukatha yang'anani timer, kachipangizo kolemba nthawi ya kuwomba kulikonse. Ngati pa chandamale chimodzi zipolopolo zikutalikirana ndi masekondi 0.25 koma posamuka mukutenga 0.60, ntchito ili pa 0.60 pamenepo. Cholinga n'choti kulira kusanu n'kumodzi kumveke kotsatizana bwino, osati kuwirikuwiri kokhala ndi mipata. Zikayamba kuyenda, onjezani mpata ufike mamita atatu, ndipo muziyambira mbali zonse ziwiri. Njira yoyeserera yotchedwa El Presidente, ya katswiri wa mfuti Jeff Cooper, ya zipolopolo 12 pa mayadi 10, iyambe yadikira, poti imaphatikiza kutembenuka ndi kusintha magazini (chosungira zipolopolo), zomwe zingakubisireni pomwe mukulakwitsa.

Koma luso lenileni limakula popanda zipolopolo. Chotsani magazini, onani kawiri ndi maso ndi chala kuti mu chamber, momwe chipolopolo chimakhala chisanawombedwe, mulibe kanthu, zipolopolo zonse zikhale m'chipinda china, ndipo lozani kukhoma loti kuseri kwake kulibe munthu. Matani timapepala titatu, muzisamutsa mfuti osakoka trigger, mukungoona ngati ikuima ndendende pomwe maso agwera. Mphindi 10 tsiku lililonse n'zokwanira. Mapewa akayamba kutopa lekani, kuopa kuzoloweza thupi zolakwika.

Musanyengedwe ndi anyamata owomba ngati chimanga chokazinga. Ku IPSC amagawa mapointi ndi nthawi: A ndi mapointi 5, ndipo kuphonya kumakuchotserani 10. Kuphonya kamodzi kumadya zonse munapindula pothamanga.

Mukapitanso ku kalabu, jambulani mapepala atatuwo musanamate mabowo, mulembenso manambala a timer, munditumizire pa WhatsApp tiunikire limodzi. Mundiperekere moni kwa alamu.

Ndine mnzanu wa kumudzi