Kwa Tadala, za magazi a shirimpi

Mphwanga Tadala,

Ine ndili bwino kuno ku Quelimane, m'dziko la Mozambique, kaya iwe kumeneko ku Mulanje? Amayi ako anandiuza pa foni kuti tsiku limene unabayidwa katemera sunalire, koma unafunsa ngati shirimpi zimene ndimaweta nazonso zimabayidwa. Funso lako landisangalatsa kwambiri, ndiye khala pansi ndikuuze.

Shirimpi ndi msuweni wake wa nkhanu, koma iyo ndi yaitali, yopindika ngati chala chako ukachikhota, ndipo ili ndi ndevu zazitali. Anthu kuno amaitchula kuti camarão. Sitiibaya katemera ngati iwe. Thupi lako likaona kachilombo kamodzi limakakumbukira, n'kupanga asilikali odziwa nkhope yake. Thupi la shirimpi lilibe asilikali okumbukira chonchi. Komatu imakhala m'madzi odzaza mabakiteriya usana ndi usiku, osafa. Chinsinsi chili m'magazi.

Ndikanakonda ukanaona magazi amenewa. Tikawakoka ndi kajakisoni kakang'ono, amatuluka ngati madzi, kenaka pang'onopang'ono amasanduka abuluu. Ako ndi ofiira chifukwa muli ayironi, ake ndi abuluu chifukwa muli kopa. Tsiku loyamba kuwaona ndinaima nawo pa dzuwa nthawi yaitali, ndikungowayang'ana.

M'magazimo mumayandama timaselo tonyamula zida. Zidazo dzina lake ndi ma peptide. Taganiza mikanda yotungidwa pa ulusi waufupi, mikanda yochepa basi, yaing'ono moti maso sangaione. Bakiteriya akalowa pabala, timaselo timathamangira pomwepo n'kukhuthula mikanda ija. Iyo imamata pakhungu la bakiteriya monga maginito amakokera msomali, n'kuliwononga. Khungu likabooka, zam'kati zimatayika ngati jumbo ya madzi yolasidwa ndi minga, bakiteriya n'kufa.

Ma peptide oyamba a shirimpi anawapeza akatswiri a ku Montpellier, m'dziko la France, mu 1997, ndipo anawatcha penaeidin. Ena amatchedwa crustin. Koma ine amene ndimawakonda kwambiri ndi ma peptide otchedwa mwachidule kuti ALF, chifukwa ndi amene amalimbana ndi mdani wathu wamkulu, mabakiteriya a mtundu wa Vibrio. Amenewa ndi a banja limodzi ndi kachilombo koyambitsa kolera, kaja amayi ako amakuuzira kuti uzisamba m'manja ndi sopo. Mtundu wina wa Vibrio umawala mumdima. Tiana ta shirimpi tikagwidwa nawo timanyezimira usiku ngati ziphaniphani. N'zokongola m'maso, koma mlimi akaziona mtima umamupweteka, poti amadziwa kuti tianato tikudwala kwambiri.

Dzulo ndinagwira shirimpi ina yokhala ndi kadontho kakuda pamsana. Ndinaitembenuza m'manja, iyo ikuphiriphitha, ndipo ndinaona kuti mpamene inavulala, thupi n'kutsekera adani pamalo amodzi ndi utoto wakuda. Ndinaibwezera m'madzi. Ikadzafundula chigoba chakale, kadontho kosalowa mkati ngati kameneka kamachoka nacho limodzi.

Zida zimenezi zili ndi polekezera. Madzi akada, kapena shirimpi zikathithikana m'dziwe, mabakiteriya amachuluka kuposa mikanda ija. N'chifukwa chake ndimadzuka tambala asanalire kukayeza madzi ndi kuona ngati makina opukusa madzi aja akulowetsa mpweya wokwanira. Mankhwala a mabakiteriya sindifuna kuwathira m'dziwe chisawawa, chifukwa mabakiteriya akawazolowera, mankhwalawo amasiya kugwira ntchito ngakhale kwa ana odwala ngati iwe.

Ndikadzabwera pa Khirisimasi ndidzakutengera chigoba chimodzi chimene shirimpi inafundula, chopyapyala ngati pepala, ndevu zake zonse zili pompo. Iwe undijambulire shirimpi mu kope lako, magazi ake uwapake buluu. Upereke moni kwa amayi ako ndi kwa agogo.

Ndine,
Malume ako