Tikuopa nsanja, koma foni ili pakhutuyi ndani akuiyeza?

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa nkhani ya radiyeshoni ya mafoni imene ikungozungulira m'magulu a WhatsApp. Ena akuti foni imawotcha ubongo, ena akuti nsanja za netiweki ndiye zikubweretsa khansa, ndiye anthu angogwidwa mantha osadziwa chenicheni choti aope.

Foni imatulutsa mafunde a mtundu umodzi ndi a wailesi, si ngati X-ray ya kuchipatala ija ayi. X-ray ili ndi mphamvu yodula DNA, malangizo achibadwa a thupi, mkati mwa selo, mafunde a foni mphamvu imeneyo alibe, chomwe chimadziwika bwino n'choti amatenthetsa pang'ono mnofu womwe wayandikana ndi foniyo. Funso lomwe asayansi akhala akulimbana nalo ndi loti kodi kupatula kutenthako, palinso china chomwe chimachitika m'maselo munthu akakhala ndi foni pakhutu zaka ndi zaka?

Mu 2011 bungwe lofufuza za khansa la IARC, lomwe lili pansi pa WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, linaika mafundewa m'gulu la 2B, kutanthauza kuti mwina angayambitse khansa koma umboni ndi wochepa. Anthu amangogawana chiganizo chimenechi basi, osanena kuti m'gulu lomwelo mulinso madzi ofinyidwa ku tsamba lonse la aloe vera. Ku America mu 2018 ofufuza a boma a National Toxicology Program anapeza zotupa mu mtima mwa makoswe ena aamuna, izi n'zoona ndithu ndipo sindikuzichepetsa, koma makoswewo ankawombedwa mafunde thupi lonse pafupifupi maola 9 pa tsiku kwa zaka 2, ndipo chodabwitsa anakhala moyo wautali kuposa anzawo osawombedwa. Kenako mu 2024 kafukufuku wina amene WHO inapempha anaunika zotsatira za akafukufuku ena 63 ndipo sanapeze kuti mafoni akuwonjezera khansa ya muubongo.

Ine chomwe chikundiwawa n'china. Foni ikakhala kuti netiweki ikuvuta, kamzere kamodzi kokha, imakuwa mwamphamvu kuti nsanja yakutali ija iimve, ndiye mafunde ofika pamutu amachuluka. Taganizirani mayi wakumudzi wakwera pachulu, foni waipanikiza pakhutu akulankhula ndi mwana wake ali ku Johannesburg, ameneyo akulandira mafunde ambiri kuposa munthu wam'tauni amene nsanja ili kuseri kwa nyumba yake. Ndiye tikamakana nsanja tikudzipweteka tokha.

Komanso foni iliyonse ili ndi muyezo wotchedwa SAR wosonyeza mphamvu yomwe thupi limayamwa. Ku Ulaya malire a pamutu ndi 2 W/kg, kutanthauza mawati 2 pa kilogalamu iliyonse ya mnofu, ku America 1.6. Mu September 2023 dziko la France linaimitsa kugulitsa iPhone 12 chifukwa atayiyeza inapitirira malire a pamikono ndi pamiyendo, mpaka Apple inakonza pulogalamu ya foniyo. Ngati kampani yaikulu chonchi inagwidwa, nanga timafoni topanda dzina lodziwika tomwe tadzaza pamabenchi m'misika mwathumu, tina tolowa mozemba, ndani amatiyeza? A MACRA ndi amene amavomereza zipangizo za mauthenga zolowa m'dziko muno, tikupempha azitiuza poyera mafoni omwe anawavomereza ndi SAR yake, m'Chichewa, pawailesi, kuti wogula adziwe.

Pakadali pano amene muli ndi nkhawa gwiritsani ntchito mahedifoni kapena ikani pa laudi, chifukwa foni ikangotalikira pang'ono mphamvu ija imatsika kwambiri. Musagone nayo pansi pa pilo, ana musawasiyire pakhutu nthawi yaitali, ndipo timasitika tomata kumbuyo kwa foni tomwe amati timatchinga radiyeshoni musataye nato ndalama.

Wowerenga wanu,
Area 25, Lilongwe