Lenti isathere pa kusala nyama: miphakati iwerenge Malembo

A Mkonzi,

Ndiloleni kuti kudzera m'nyuzipepala yanu ndilankhule ndi akhristu anzanga a mpingo wa Katolika, makamaka atsogoleri a miphakati (timagulu ta akhristu oyandikana nyumba), pa za kapempheredwe ndi kawerengedwe kathu ka Malembo m'nyengo ino ya Lenti, yomwe imayamba Lachitatu la Phulusa ndi kutifikitsa ku Pasaka.

Kuno kwathu Lenti imagwa nthawi zambiri m'miyezi ya Febuluwale ndi Malichi, pamene nkhokwe zatha, chimanga cha m'munda sichinakhwime, ndipo mabanja ambiri akudya za ganyu. Lamulo la mpingo limati a zaka 14 kupita m'tsogolo asale nyama Lachisanu lililonse la Lenti, ndipo a zaka 18 mpaka 59 asale kudya Lachitatu la Phulusa ndi Lachisanu Loyera. Lamuloli ndi labwino, koma tivomereze kuti kwa mayi wa kumudzi amene ndiwo zake ndi nkhwani ndi therere, amene nyama anailawa komaliza pa Khirisimasi, palibe chimene likumupempha. Munthu amene akudya kamodzi pa tsiku chifukwa ufa watha sitingamuuze kuti asale. Tikamaphunzitsa Lenti ngati nyengo yopewa nyama basi, ndiye kuti akhristu ochuluka tawasiya kunja kwa nyengoyi.

Mpingo sunaike Lenti pa nyama yokha. Lachitatu la Phulusa timamva mneneri Yoweli akuuza anthu kuti ang'ambe mitima yawo osati zovala, ndi Mateyo mutu 6 pamene Ambuye akuchenjeza za kupereka, kupemphera ndi kusala modzionetsera. Lachisanu lotsatira pamawerengedwa Yesaya mutu 58, pomwe Mulungu akukana kusala kwa anthu amene amapanikiza antchito awo pa tsiku lomwelo limene akusala, ndipo akunena kuti kusala kumene amakufuna ndiko kumasula oponderezedwa, kugawana chakudya ndi anjala, kulandira m'nyumba osowa pokhala ndi kuveka amaliseche. Vuto ndi lakuti mawu amenewa amagwa mkati mwa sabata, ndipo amawamva ndi ochepa okha amene amakhala pafupi ndi parishi ndi kupita ku Misa ya m'mawa. Kumatchalitchi a kumidzi, kumene bambo mfumu amafikako patalipatali, malo okhawo amene mawuwa angamveke ndi ku mphakati.

Tsono tiyeni tione zimene zimachitika pa misonkhano yambiri ya mphakati. Anthu amasonkhana pakhonde kapena pansi pa mtengo wa mango, amaimba nyimbo imodzi, kenaka mnyamata wa sukulu amawerenga ndime zisanu mothamanga. Wapampando akafunsa ngati pali amene mawu amukhudza, onse amayang'ana pansi, ndipo iye mwini amalalikira pang'ono kuti mwambo uthe. Akatero mlembi amatsegula kope la ndalama, ndipo apa aliyense amapeza pakamwa: amene sanamalize chopereka cha masika, za nsalu ya kwaya, za ndalama ya maliro, mpaka dzuwa kulowa. Sindikunyoza zokambirana zimenezi, pakuti mpingo suyenda popanda ndalama, koma si chifukwa chimene miphakati inakhazikitsidwira. Pamene maepiskopi a AMECEA, bungwe la maepiskopi a Katolika a kum'mawa kwa Africa, anagwirizana m'zaka za 1973 ndi 1976 kuti timagulu ta akhristu tikhale maziko a mpingo m'chigawo chino cha Africa, ndiponso pamene malemu Episkopi Patrick Kalilombe ankalimbikitsa ntchitoyi mu Dayosizi ya Lilongwe, cholinga chinali chakuti akhristu oyandikana nyumba azimva Mawu a Mulungu pamodzi ndi kuwayika pa moyo wa m'mudzi mwawo. Njira ya masitepe 7 yogawana Mawu a Mulungu, yochokera ku malo a maphunziro a mpingo a Lumko ku South Africa, imene akatekisiti ambiri anaiphunzira, imafuna kuti ndime iwerengedwe modekha, anthu abwereze mawu amene awagwira mtima, ndipo pakhale kachete asanayambe kugawana. Kachete ameneyu ndiye amene timamudumpha, ngati kuti tikuopa kuti alendo angaganize kuti mwambo wasokonekera.

Sitinganene kuti Malembo sitikuwamva chifukwa cha chilankhulo. Buku Lopatulika linatuluka mu 1922, Malembo Oyera mu 1966, ndipo Buku Loyera, limene Akatolika ndi mipingo ina anamasulira limodzi, linatuluka mu 1998 m'Chichewa chosavuta. Radio Maria nayonso imaulutsa Misa ndi mapemphero kwa amene ali ndi wailesi.

Amene akuganiza kuti kuwerenga kotere kulibe mphamvu akumbukire za pa 8 Malichi 1992, Lamulungu loyamba la Lenti, pamene kalata ya maepiskopi inawerengedwa m'matchalitchi a Katolika m'dziko lonse lino, kudzudzula malipiro ochepa a antchito, kutsekera anthu m'ndende popanda kuwaweruza, ndi kuopseza anthu kuti asalankhule zakukhosi. Inali kalata ya Lenti, ndipo zimene inanena n'zomwe Yesaya 58 amanena. Chaka chotsatira, pa 14 Juni 1993, Amalawi anavota pa riferendamu kusankha ndale za zipani zambiri.

Pempho langa kwa atsogoleri a miphakati ndi lakuti m'masabata a Lenti kope la ndalama litsegulidwe tsiku lina, ndipo msonkhano umodzi wathunthu uperekedwe kwa Yesaya 58 yekha, awerengedwe kawiri mofatsa kuti agogo osadziwa kuwerenga amve bwino. Pamenepo afunsane mosabisa za amene ali ndi antchito a ganyu ndi momwe akuwalipirira, komanso za nyumba za okalamba ndi odwala zimene sizikufuka utsi. Amene ali ndi chimanga, ndiwo ayenera kusala m'malo mwa anzawo, ndipo ufa umene apulumutsa Lachisanu aupereke mwakachetechete monga Mateyo 6 akunenera, osati kuwerengetsa mayina pamaso pa gulu. Lisanafike Lachisanu Loyera, mphakati uwerengenso Yohane mutu 18 ndi 19 m'zigawozigawo, chifukwa m'tchalitchi nkhaniyi imawerengedwa yonse nthawi imodzi anthu ataimirira, ndipo ambiri amaimva atatopa kale ndi Njira ya Mtanda.

Mkhristu wa ku mphakati,
Dedza