Carlos Cardoso sanaphedwe ndi mbava wamba

Akonzi,

Ndakhumudwa kwambiri ndi nkhani imene munasindikiza sabata yatha yokumbukira atolankhani a mu Africa amene anafera ntchito yawo. Malemu Carlos Cardoso munawapatsa mzere umodzi wokha, ndipo mzere womwewo unali ndi mabodza awiri, chifukwa mlembi wanu anati anali mtolankhani wa ku Portugal amene anaphedwa ndi mbava mumzinda wa Maputo. Sindikumvetsa kuti zimenezi zinadutsa bwanji m'manja mwanu osaziona.

A Cardoso anabadwira ku Beira mu 1951. N'zoona kuti makolo awo anali ochokera ku Portugal, koma a Cardoso eni ake anali nzika ya Mozambique, ndipo boma la tsankho la ku South Africa linawathamangitsa m'dzikomo akuphunzira pa yunivesite ya Witwatersrand chifukwa chochirikiza Frelimo, gulu limene linkamenyera ufulu wa Mozambique. Anatsogolera bungwe la boma lofalitsa nkhani la AIM, ndipo mu 1982 boma la Samora Machel, limene iwo ankalikhulupirira ndi mtima wonse, linawatsekera m'chitokosi masiku angapo chifukwa cha zimene analemba. Munthu amene anavutikira dziko lake chotere sangatchedwe mlendo.

Achinyamata amene akuphunzira utolankhani akanapindula mukanawauza mmene bamboyu ankagwirira ntchito. Mu 1992, iwo ndi anzawo anayambitsa mediaFAX, kenako mu 1997 anatsegula Metical. Nyuzipepala zimenezi zinali za masamba ochepa, zotumizidwa pa makina a fax kumaofesi, kumakampani ndi kwa akazembe, ndipo sizinkadikira makina osindikizira a munthu wina aliyense. Pa masamba amenewo anatsutsana ndi World Bank pamene inakakamiza dziko lawo kumasula malonda a mtedza wa cashew wosakonza, zomwe zinagwetsa mafakitale ndi kuchotsetsa ntchito anthu zikwizikwi. Mu 1998 anasankhidwanso kukhala m'khonsolo ya mzinda wa Maputo. Ineyo sindigwirizana ndi zoti mtolankhani azikhala pa mpando wandale, koma mfundo imeneyo ndi yoti tikambirane poyera, osati kuikwirira pamodzi ndi mbiri yonse ya munthuyo.

Bodza lachiwiri ndilo landipweteka koposa. Madzulo a pa 22 November 2000, a Cardoso akuchokera ku ofesi, galimoto yawo inatsekeredwa njira ndipo anawomberedwa ndi mfuti ya AK-47, dalaivala wawo n'kuvulala kwambiri. Pa nthawiyo ankafufuza za ndalama zokwana madola 14 miliyoni zimene zinabedwa ku Banco Comercial de Moçambique mu 1996, banki ya boma imene inali pafupi kugulitsidwa. Mlandu wa imfa yawo unaulutsidwa pa wailesi ndi pa kanema, dziko lonse likumvetsera, ndipo mu January 2003 woweruza Augusto Paulino anapeza anthu 6 olakwa ndi kuwalamula kukhala m'ndende zaka zoposa 20 aliyense. Pakati pawo panali Vicente Ramaya, yemwe anali mkulu wa nthambi ya banki imene kunabedwa ndalamazo, abale awiri a banja la Abdul Satar, komanso Anibalzinho, amene anasonkhanitsa achiwembuwo ndipo anathawa m'ndende kangapo konse. Dzina la Nyimpine Chissano, mwana wa mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, linatchulidwa m'khoti, ndipo iye anamwalira mu 2007 mlandu wake usanazengedwe. Zonsezi zili m'mabuku a khoti. Mbava zimafuna galimoto kapena chikwama, koma anthu awa ankafuna kutseka pakamwa munthu amene ankatsata kumene ndalama za anthu zinalowera. Kulemba kuti anaphedwa ndi mbava ndi kuthandiza omwe analipira achiwembu aja, popeza chimene ankafuna n'chakuti chifukwa chenicheni cha imfayo chiiwalike.

Vutoli ndi lalikulu kuposa mzere umodziwo. Nyuzipepala zathu zimadziwa zonse za mpira wa ku England ndi zisankho za ku America, koma za dziko limene latizinga mbali zitatu, kumene abale athu a ku Angónia ndi ku Tete amalankhula chinenero chathu chomwechi, timangotola pa intaneti mwachisawawa osafunsa aliyense. Ife amene tinaona Cashgate mu 2013 tinayenera kukhala oyamba kumvetsa nkhani ya a Cardoso. M'malo mwake tili ndi atolankhani ena amene sachoka pa msonkhano asanalandire chipondamthengo, n'kukalemba zokhazo zimene bwana wanena. Gawo 36 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa atolankhani ufulu wofalitsa nkhani, koma ufuluwo sutanthauza kulemba zosafufuza, ndipo malamulo a ntchito amene Media Council of Malawi imalimbikitsa amafuna kuti cholakwa chikonzedwe msanga.

Choncho konzani cholakwachi m'nyuzipepala yotsatira, pa tsamba lomwelo, osati m'kakona ka kumapeto. Ndipo pofika pa 22 November, tumizani mtolankhani mmodzi akacheze ndi anzake a ku Maputo amene anagwira ntchito ndi a Cardoso, kuti mutipatse tsamba lathunthu.

Wowerenga wanu,
Dedza