Ana a machona: ku Zimbabwe tinali Amalawi, kuno ndife obwera

Akonzi,

Ndiloleni ndilembe m'nyuzipepala yanu za gulu la anthu limene kawirikawiri siliganiziridwa pamene nkhani za Amalawi okhala kunja zikukambidwa. Nkhani zoterezi zimathera pa ndalama zimene abale athu amatumiza kumudzi, kapena pa mabasi amene boma limatumiza kukawatenga zinthu zikavuta ku Joni, monga zinachitikira m'chaka cha 2015. Koma tilipo ena amene sitinachoke m'dziko muno chifukwa tinabadwira kunja komweko, ndipo pamene tinabwera kudzaona kumene makolo athu ankakutchula kuti kwathu, tinali kale anthu akuluakulu. Ndife ana a machona, ndipo ine ndine mmodzi wa iwo.

Bambo anga anachoka ku Dedza m'chaka cha 1956, nthawi ya Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, ali mnyamata wosakwatira. Chimene chinawachotsa ndi chomwe chinachotsa anzawo ambiri: msonkho unkafuna ndalama, pamene m'mudzi munalibe poipezera. Ena ankalembedwa ndi Wenela kupita ku migodi ya golide ya ku South Africa, ena ankalembedwa ndi Mthandizi kupita ku minda ya azungu ndi ku migodi ya ku Southern Rhodesia, ndipo ena, monga bambo anga, ankangonyamuka okha, kuwoloka Zambezi ku Tete ndi kukafunafuna ntchito kutsogolo. Iwo ankati akagwira ntchito zaka ziwiri, agule njinga ndi mabulangete, kenaka abwerere kudzakwatira. Anakhalako zaka 43, ndipo manda awo ali komweko.

Ine ndinabadwa m'chaka cha 1969 m'komboni ya mgodi wina wa ku Mashonaland. M'komboni imeneyo Chinyanja chinkamveka paliponse, pampopi, pabwalo la mpira ndi pamaliro. Gule wamkulu, amene Ashona amamutcha zvigure, ankatuluka masiku opuma ntchito. Ayao anali ndi mzikiti wawo. Ife tinkapemphera ku CCAP, mpingo umene unatsatira Anyasa kumeneko mpaka kukhala ndi Sinodi ya Harare. Mwana akakhala m'kati mwa komboni sankadziwa kuti ndi mlendo. Ankazidziwira kusukulu, kumene tinkaphunzira m'Chishona ndi m'Chingerezi, ndipo kumene anzathu ankatitcha mabhurandaya, kutanthauza anthu a ku Blantyre, ngakhale kuti ambiri a ife makolo athu anali asanapondeko ku Blantyre. Ena ankatitcha vatevera njanji, ndiko kuti anthu amene anachita kulondola njanji posowa kwawo. Ndili ndi zaka khumi ndinali nditaphunzira kale kusiya Chinyanja pachipata cha komboni m'mawa ndi kudzachitenganso madzulo. Tsiku lina bambo anabwera kusukulu ndi njinga yawo kudzandipatsa buku limene ndinaliiwala, nandiitana m'Chinyanja pamaso pa anzanga, ndipo ine ndinawayankha m'Chishona ngati sindinamve zimene ananena. Sanandidzudzule tsiku limenelo kapena tsiku lina lililonse, ndipo kukhala chete kwawoko kumandipwetekabe mpaka lero.

Chimene ankachita ndi chakuti tikatha kudya madzulo ankatiimika ife ana anayi ndi kutifunsa mmodzimmodzi dzina la mudzi wathu, dzina la nyakwawa, dzina la mfumu yaikulu, boma lathu, mfunda wathu ndi mayina a alongo awo awiri amene anawasiya kumudzi. Wolakwitsa ankayambiranso. Pomaliza ankati, "Kwanu nkwanu, mthengo mudalaka njoka." Nthawi imeneyo tinkaona ngati chilango chopanda chifukwa, poti mudzi umene tinkaulowezawo palibe mmodzi wa ife anali atauonapo.

Apa ndipo pali nkhani imene ndikufuna kuti owerenga aimvetse bwino, chifukwa ndi imene inasautsa ambiri a ife kuposa mayina onyoza aja. Mayi anga anali Mshona. Mwa Ashona mwana ndi wa kwa bambo ake: amatenga mutupo (mfunda) wa bambo, ndipo kumusha (kumudzi) kwake, kumene adzapeze munda ndi kumene adzaikidwe, ndi kwa bambo akewo, makamaka ngati malowolo anaperekedwa, monga bambo anga anaperekera. Choncho kwa amalume anga a ku Zimbabwe ine ndinali mwana wokondedwa wa mlongo wawo, wolandiridwa bwino patchuthi, koma wopanda gawo pa nthaka yawo, pakuti kwathu kunali ku Malawi. Mwa Achewa zinthu zimayenda mwa njira ina. Mfunda timatenga kwa bambo, koma mbumba imawerengedwa kuchikazi, munda umatsata mayi, ndipo woyang'anira ana ndi mwinimbumba, amene ndi mlongo wa mayi awo. Choncho kwa abale a bambo anga ku Dedza ine ndinali mwana wa mlongo wawo, magazi awo ndithu, koma kwathu kwenikweni kunali kwa mayi anga. Mtundu uliwonse unkanditumiza kwa unzake, ndipo uliwonse unkalondola malinga ndi mwambo wake. Sindikuimba mlandu mwambo wa Achewa kapena wa Ashona, chifukwa yonse iwiri inakonzedwa kuti mwana asasowe pogwira. Koma inakonzedwa pamene anthu ankakwatirana m'midzi yoyandikana, ndipo palibe umene unaganizira za mwana wa mwamuna wa Chichewa ndi mkazi wa Chishona. Anzanga amene bambo awo anali Atumbuka kapena Angoni a ku Mzimba, kumene ana amatsata bambo, sanakumane ndi vuto limeneli pamlingo womwewo.

Malamulo a boma anadzawonjezera pa zimene mwambo unasiya. Pa chitupa changa cha ku Zimbabwe, dziko limene ndinabadwiramo, panalembedwa mawu akuti ALIEN, kutanthauza mlendo. Kuyambira m'chaka cha 2000, pamene minda ya azungu inayamba kulandidwa, antchito a m'minda imeneyo, amene ambiri anali ochokera ku Malawi, Mozambique ndi Zambia kapena ana awo, anataya ntchito ndi pokhala pa nthawi imodzi. M'chaka cha 2001 lamulo la unzika linasinthidwa, ndipo aliyense amene akanatha kukhala nzika ya dziko lina kudzera mwa makolo ake anayenera kukakana unzika umenewo motsata malamulo a dziko linalo, apo ayi ataye wa Zimbabwe. Anthu anauzidwa kukakana chinthu chimene sanakhalepo nacho m'manja, ndipo ambiri amene sanathe kutero anapezeka kuti alibe dziko ndipo sangavote. Kenaka m'chaka cha 2005 kunabwera Murambatsvina, pamene nyumba ndi malo a malonda zinagwetsedwa m'matauni, ndipo lipoti la bungwe la United Nations linati anthu pafupifupi 700,000 anataya pokhala kapena popezera chakudya. Ine ndinali nditasamukira ku Harare mgodi utatseka, ndipo kanyumba kanga kanagwa limodzi ndi ena. Anthu ankauzidwa kuti abwerere kumusha. Anansi anga a Chishona anakweza katundu pamalole napita kumidzi kwawo; ife tinatsala pabwinja tikuyang'anana.

Ndi pamenepo pamene mayina amene ndinkawaloweza ndili mwana anagwira ntchito. Ndinadzera ku Nyamapanda, kuwoloka mlatho wa pa Zambezi ku Tete, ndipo nditafika ku Dedza ndinayamba kufunsa mudzi, nyakwawa ndi mfumu yaikulu mwa dongosolo lomwe bambo ankatifunsira. Ndinapeza mmodzi wa azakhali anga ali moyo. Nditatchula dzina la bambo ndi mfunda wathu, anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anakhala pansi nayamba kulira maliro a mlongo wawo, amene anali atamwalira zaka zisanu ndi chimodzi m'mbuyomo iwo osamva. Anandiphera nkhuku, ndipo mudzi wonse unabwera kudzandiona. Chikondi chimenecho sindidzachiiwala, ndipo sindikufuna kuti wina aganize kuti ndikudandaula za abale anga. Koma mlendo ndi mame, ndipo patapita masabata angapo, pamene zinaoneka kuti sindinabwere kudzacheza koma kudzakhala, funso la munda linabuka. Anandibwereka kamunda ka m'mphepete mwa dambo, nandiuza mwaulemu koma momveka kuti ndi kobwereka, pakuti minda ndi ya ana a azakhali. Pamisonkhano ya m'mudzi ndinkamva mawu akuti obwera, ndipo ndinkadziwa kuti akunena ine.

Chilankhulo nacho chinandiulula. Chinyanja chimene ndinakula nacho chinali cha m'ma 1950, chosakanizika ndi Chishona ndi mawu a kumgodi, moti ndikalankhula ana ankaseka, ndipo akuluakulu ankati, "Awa ndi a ku Halale." Ku ofesi ina ya boma munthu wina anandifunsa kuti Mmalawi wanji wolephera kulankhula Chichewa chomveka. Ndinalakalaka kumukumbutsa kuti Dr Hastings Kamuzu Banda atafika pa Chileka pa 6 July 1958, atakhala kunja zaka zoposa 40, ankalankhula kwa anthu m'Chingerezi kudzera mwa womasulira, ndipo dziko silinamufunse ngati anali Mmalawi. Iyenso ulendo wake unayambira ku Southern Rhodesia ndi ku South Africa, njira yomwe anayenda makolo athu. Clements Kadalie, amene anayambitsa bungwe la antchito la ICU ku Cape Town m'chaka cha 1919, anali wa ku Nkhata Bay ndipo anamwalirira ku South Africa, koma timamutchula monyadira m'mbiri yathu. Zikuoneka kuti mchona akatchuka timamulandira ngati wathu, koma akafera m'komboni ana ake timawafunsa zitupa.

Liwu lakuti mchona lili ndi chitonzo m'kati mwake, ngati kuti munthuyo anaiwala kwawo mwadala. Alipo amene anaiwaladi, ndipo akazi ndi ana amene anasiyidwa m'midzi ali ndi chifukwa chokwiyira. Koma ambiri amene ndinawadziwa sanabwerere chifukwa cha manyazi obwera chimanjamanja, chifukwa cha ana amene anali pasukulu, kapena chifukwa chakuti chaka chilichonse ankati chaka chamawa. Tisaiwalenso kuti kuchoka kwa amuna amenewa kunali mbali ya chuma cha dziko lino. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi oposa 100,000 ankagwira ntchito m'migodi ya ku South Africa yokha, ndipo gawo la malipiro awo linkatumizidwa kuno. Kulemba anthu kunaimitsidwa m'chaka cha 1974 ndege ya Wenela itagwa ku Francistown ndi kupha Amalawi oposa 70. Dziko limene linadalira thukuta la abambo lili ndi ngongole kwa ana awo.

Ndikuvomereza kuti malamulo asintha. Malamulo aakulu a dziko la Zimbabwe a 2013 anazindikira ngati nzika anthu obadwira m'dzikomo amene makolo awo anachokera m'mayiko a SADC, ndipo mu December 2018 Nyumba ya Malamulo ya kuno inavomereza kuti Mmalawi atha kukhala nzika ya mayiko awiri. Koma lamulo limathandiza munthu amene ali ndi umboni. Pa kalembera wa zitupa za unzika wa 2017 ine ndinathandizika chifukwa azakhali anali akadali moyo ndipo anyakwawa anandichitira umboni. Nanga mdzukulu wa mchona amene agogo ake anamwalira osasiya pepala lililonse, amene akudziwa dzina la boma lokha, monga Mangochi kapena Nkhotakota, adzayambira pati? Ndikudziwa anthu oterewa amene anatsala ku Zimbabwe, okalamba tsopano, amene ana awo alibe zikalata za kubadwa chifukwa makolowo alibe zitupa, ndipo vutoli likusamukira ku mbadwo wachitatu.

Pempho langa kwa boma ndi lakuti maofesi a kazembe wathu ku Harare, Pretoria ndi Lusaka asamangodikira anthu pazenera, koma azipita kumene kuli makomboni akale a migodi ndi minda kukalemba ana ndi zidzukulu za Amalawi, ndipo umboni wa akulu a mpingo, a mzikiti ndi a mabungwe a maliro amene akhala akuika Amalawi kumeneko kwa zaka zambiri uzilandiridwa pamene mapepala palibe. Mafumu athu nawonso, amene amasunga mabuku a anthu a m'midzi yawo, angathe kulembamo amene anachoka ndi ana awo, ndipo ndikukhulupirira kuti yafika nthawi yakuti akambirane poyera za malo a mwana amene mayi ake ndi a mtundu wotsata bambo, m'malo mosiya banja lililonse kuti lizilimbana nazo palokha.

Chimene chandichititsa kulemba kalatayi tsopano ndi chakuti mwana wanga wamwamuna anapita ku Johannesburg zaka zinayi zapitazo, akunena kuti akakhalako zaka ziwiri. Wakwatira kumeneko mkazi wa ku Mozambique, ndipo chaka chathachi anabereka mwana wamkazi. Kubadwira ku South Africa pakokha sikupatsa mwana unzika ngati makolo onse awiri ndi akunja, ndipo mpaka pano mdzukulu wangayo sanalembedwe ku Malawi kapena ku Mozambique. Ndikamuimbira lamya bambo ake ndimamufunsa za chikalata cha kubadwa cha mwanayo, ndipo iye amati adzakonza ntchito ikachepa. Ndamulembera pa pepala dzina la mudzi, la nyakwawa, la mfumu yaikulu, mfunda wathu, mayina a ana a azakhali amene ali moyo, komanso mutupo wa mayi anga ndi mudzi wawo wa ku Mashonaland, ndipo ndamupempha kuti afunse mkazi wake alembenso za kwawo kumbuyo kwa pepala lomwelo.

Mwana wa mchona,
Lilongwe